Kuphunzitsa ogwira ntchito mu labotale yoyeza mafuta: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa oyang'anira malabotale, akuluakulu a madepoti a mafuta, ndiponso anthu amene angoyamba kumene ntchito yoyeza petulo, dizilo, palafini ndi mafuta a ndege. Madigiri onse amene tatchula ndi a Celsius. Manambala a njira zoyezera tawalemba kuti mudziwe pokayang'ana, koma pogwira ntchito muzitsata kope latsopano la njirayo, chifukwa njirazi zimakonzedwanso pakapita nthawi.

Makina a masiku ano amachita zambiri okha. Kodi maphunziro aatali ndi ofunikabe?

Ndi ofunika kwambiri. Makina sadziwa kuti botolo linagona padzuwa chosatseka, sadziwanso kuti kapu sinatsukidwe bwino. Iwo amangotulutsa nambala, ndipo nambala yolakwika imaoneka yaudongo papepala mofanana ndi yolondola. Nambala imeneyo ndi imene imachititsa kuti sitima itsitse katundu, thanki itsegulidwe, kapena ndege ithiridwe mafuta. Choncho cholinga cha maphunziro si kudziwa batani lodina ayi. Munthu ayenera kudziwa chimene njira ikuyeza, pamene njirayo imalakwikira, ndi nthawi imene ayenera kukana zotsatira zake zomwe n'kuyambiranso.

Munthu watsopano ayambire pati?

Ayambe ndi chitetezo, kenako kutenga ndi kusunga sampulo. Akakhazikika pamenepo alowe pa kaonekedwe ka mafuta ndi density (kulemera kwa mafuta pa mlingo wodziwika), ndiyeno flash point (kutentha kumene nthunzi ya mafuta imagwirira moto), distillation (kuwiritsa mafuta n'kuona kutentha kumene amaphwera), viscosity (kulimba kwa mafuta poyenda), madzi ndi sulufule. Injini zoyezera octane ndi cetane, manambala osonyeza kayakidwe ka petulo ndi ka dizilo mu injini, zibwere pomalizira, chifukwa zimafuna munthu amene manja ake anazolowera kale.

Pa njira iliyonse ndondomeko ikhale imodzimodzi. Awerenge njirayo yekha kuyambira pachiyambi mpaka pagawo lonena za kusiyana kwa zotsatira kololedwa, osati chidule chomata pakhoma chokha. Aonerere wodziwa akuchita. Achite yekha wodziwayo ataima pambali. Kenako apatsidwe masampulo amene mphunzitsi akudziwa zotsatira zake koma iye sakudziwa. Akapambana pamenepo ndiye alembedwe kuti waloledwa kuchita njira imeneyo, imeneyo yokha basi. Kuloledwa pa density sikutanthauza kuti waloledwanso pa distillation.

Pa chitetezo, ndi ziti zimene siziyenera kudumphidwa?

Petulo amatulutsa nthunzi yoyaka ngakhale kutazizira mpaka pafupifupi madigiri 40 pansi pa ziro, kotero mu labotale nthawi zonse amakhala wokonzeka kuyaka. Nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya: imatsika pansi, imayenda m'mbali mwa tebulo ndi m'ngalande, n'kukapeza moto kutali ndi pamene botolo lili. Ikafika pakati pa 1.4 ndi 7.6 pa 100 alionse mumpweya, kamoto kakang'ono kokha n'kokwanira. N'chifukwa chake petulo amatsanulidwa mu fume hood, kabati yokoka nthunzi ija, ndipo masampulo sasungidwa mufuriji wamba ya kunyumba, chifukwa switchi yake ya m'kati imathetheka.

Wophunzira adziwenso kuti mu petulo muli benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi, ndipo amalowa m'thupi popuma komanso kudzera pakhungu. Magolovesi akhale a nitrile. Magalasi oteteza maso asachoke kumaso. Moto wa mafuta umazimitsidwa ndi thovu, ufa wozimitsira moto kapena carbon dioxide. Kuuthira madzi kumangoumwaza. Ndipo amene akukwera pathanki adziwe kuti mafuta akamathiridwa mothamanga amasonkhanitsa magetsi. Thanki ikangodzazidwa, adikire nthawi imene malamulo a pamalopo anena, kawirikawiri mphindi 30, asanatsitsiremo botolo kapena tepi yoyezera kuya kwa mafuta, ndipo chingwe chotsitsira chisakhale cha nayiloni.

N'chifukwa chiyani mumalimbikira chonchi pa kutenga sampulo? Si ntchito ya aliyense?

Apa ndi pamene zotsatira zambiri zolakwika zimabadwira, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ntchito imeneyi imakonda kupatsidwa kwa munthu amene waphunzitsidwa pang'ono kuposa onse. Lita imodzi imaimira malita mamiliyoni. Ngati litayo siikufanana ndi zimene zili m'thanki, makina abwino chotani sangakonze kanthu.

Njira yotengera sampulo pamanja ndi ASTM D4057, yolembedwa ndi ASTM, bungwe lolemba njira zoyezera. Mafuta m'thanki yaikulu sakhala ofanana paliponse: olemera amakhala pansi, opepuka pamwamba, madzi ndi matope pansi penipeni. Choncho amatenga masampulo atatu, ina pakati pa gawo lachitatu la pamwamba, ina pakatikati pa mafuta onse, ina pakati pa gawo lachitatu la pansi. Density ya masampulo atatuwa ikasiyana kwambiri, ndiye kuti thanki sinasakanikirane, ndipo kuwaphatikiza kukhala sampulo imodzi kumangobisa vutolo. Palinso njira yotsitsa botolo lotsegula mpaka pansi n'kulikweza pa liwiro limodzi. Botolo limenelo lituluke litadzaza pakati pa 70 ndi 85 pa 100. Likatuluka lodzaza mpaka kukamwa, palibe amene angadziwe kuti linadzadzira pati, ndipo sampuloyo itayidwe, atengenso ina.

Potenga pampopi kapena papaipi, ayambe wataya mafuta amene anaima mupaipimo. Botolo likhale loyera, louma, ndipo alitsukuluze ndi mafuta omwewo. Mabotolo a galasi lofiirira amateteza mafuta ku kuwala kwa dzuwa. Lebulo ilembedwe pomwepo, asanatsike pathanki: dzina la mafuta, nambala ya thanki, malo amene sampulo yatengedwa, tsiku, nthawi ndi dzina la wotenga. Mabotolo awiri opanda lebulo ali m'dengu limodzi ndi chiyambi cha mkangano umene sungathe.

Petulo amafuna chisamaliro chapadera chifukwa zopepuka zake zimathawa botolo likangotsegulidwa. Sampulo yoyezera vapour pressure, pulesha ya nthunzi ya petulo, idzaze botolo pakati pa 70 ndi 80 pa 100, iziziritsidwe mpaka pakati pa madigiri 0 ndi 1 isanatsegulidwe, ndipo vapour pressure ikhale yoyamba kuyezedwa m'botolomo. Wophunzira akayamba ndi density n'kudzabwera ku vapour pressure pambuyo, adzapeza nambala yotsika, ndipo petulo wosayenera angathe kudutsa. Pomaliza, gawo lina la sampulo limatidwe n'kusungidwa, kuti pakadzabuka kusamvana pakhale chobwererako.

Njira zimenezi amalemba ndani, nanga zimasiyana bwanji ndi muyezo wa mafuta?

Zambiri zimachokera ku ASTM International, ku Energy Institute ya ku London imene imatulutsa njira za IP, ndi ku ISO. Njira imanena mmene muyezere. Muyezo wa mafuta umanena malire amene mafutawo ayenera kukwaniritsa. EN 590 ndi ASTM D975 ndi miyezo ya dizilo, EN 228 ndi ASTM D4814 ya petulo, ASTM D1655 ndi Def Stan 91-091 ya mafuta a ndege. Muyezo uliwonse umatchula njira zimene ukuzivomereza, ndipo kawirikawiri umanenanso njira yoweruzira pakakhala mkangano. Wophunzira azolowere kufunsa kuti mafuta awa akugulitsidwa pa muyezo uti asanayambe kuyeza, chifukwa malire amasiyana: EN 590 imafuna flash point yoposa madigiri 55, pomwe D975 imalola madigiri 52 pa dizilo wa giredi 2-D.

Pa flash point, ophunzira amalakwitsa pati?

Flash point ndi kutentha kotsikitsitsa kumene nthunzi ya pamwamba pa mafuta imagwira moto mukaiyandikizira lawi. Pa dizilo njira yodziwika ndi ASTM D93, ya kapu yotseka ya Pensky-Martens. Mu Procedure A mumathira mafuta m'kapu mpaka pamzere, pafupifupi mamililita 75, n'kumatenthetsa madigiri 5 mpaka 6 pa mphindi, chotakasira chikuzungulira ka 90 mpaka 120 pa mphindi. Lawi likhale laling'ono, mamilimita 3.2 mpaka 4.8. Mumayamba kulitsitsa kutatsala madigiri 23, kuwonjezera kapena kuchotsa 5, kuti mufike pamene mukuyembekezera, ndiyeno pa digiri iliyonse ngati flash point ili pa 110 kapena kucheperapo. Potsitsa lawi chotakasira chimaima.

Zolakwika zake ndi izi. Kutenthetsa mothamanga chifukwa masampulo achuluka: nthunzi sikhala ndi nthawi yokwanira, ndipo nambala imasokonekera. Lawi lalikulu limatenthetsa pamwamba pa mafuta n'kupereka nambala yotsika. Kapu imene yatsukidwa ndi mankhwala osungunulira n'kusauma bwino imatsitsa flash point ya dizilo wabwinobwino. Botolo limene lakhala likutsegulidwatsegulidwa limataya zopepuka, nambala n'kukwera, ndipo uku ndi kulakwa koopsa chifukwa mafuta osayenera amaoneka ngati abwino. Pali chinanso chimene chimanyenga maso a watsopano: kutatsala pang'ono kufika pa flash point, lawi limazunguliridwa ndi kuwala kwa buluu. Kumeneko si kuyaka. Kuyaka kwenikweni ndi lawi lalikulu limene limafalikira pamwamba ponse pa mafuta nthawi imodzi.

Ndiye pali pulesha ya mpweya, imene ambiri amaiwala. Kumalo okwera mafuta amagwira moto msanga, kotero nambala imene mwawerenga iyenera kukonzedwa: mumachotsa pulesha ya mu labotale pa 101.3 kPa, n'kuchulukitsa ndi 0.25, n'kuwonjezera pa nambala yanu. Tiyerekeze kuti mwawerenga madigiri 53 pulesha ili 90 kPa. Kusiyana ndi 11.3, kuchulukitsa ndi 0.25 kukupatsani 2.8, ndipo flash point yolemba ndi madigiri 56. Popanda kukonza kumeneku mukanakana dizilo wabwino. Pulesha yake ikhale yowerengedwa pa barometer, chida choyezera pulesha ya mpweya, ya mu labotale momwemo. Imene amalengeza a zanyengo kapena a pabwalo la ndege imakhala itasinthidwa kale kuti ifanane ndi ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, choncho siyoyenera.

Nanga distillation, bwanji imatenga nthawi kuti munthu aizolowere?

Chifukwa mu ASTM D86 zinthu zambiri zimayenera kuyenda bwino pa nthawi imodzi. Mumayeza mamililita 100 m'silinda, n'kuthira m'botolo lowiritsira la mamililita 125, n'kutenthetsa. Nthunzi imadutsa mu condenser, kachubu koiziziritsa kuti isandukenso mafuta, n'kugwera m'silinda yomweyo, ndipo inu mumalemba kutentha pa dontho loyamba, pa 10, 50, 90 ndi 95 pa 100, mpaka pa kutentha kokwera kuposa konse.

Njirayi imagawa mafuta m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi zofuna zake. Pa petulo, madzi ozizitsa condenser akhale pakati pa madigiri 0 ndi 1, sampulo ikhale yozizira, ndipo dontho loyamba ligwe pakati pa mphindi 5 ndi 10 chiyatsireni moto. Pa dizilo dontho loyamba lingachedwe mpaka mphindi 15, ndipo condenser imaloledwa kufunda, chifukwa ikazizira kwambiri phula la mu dizilo limaundana m'kachubu. Pakati ponse mafuta azigwa mamililita 4 mpaka 5 pa mphindi. Kusunga liwiro limeneli pa makina a pamanja ndi luso lenileni, chifukwa moto umayenera kuwonjezedwa pang'onopang'ono pamene zopepuka zikutha, ndipo wophunzira amakonda kuchedwa kuwonjezera kenako n'kuwonjezera mopitirira.

Themomita ikakhala pamwamba kapena pansi pa malo ake ndi mamilimita ochepa chabe, manambala onse amasuntha. Chivindikiro chikamatulutsa nthunzi, zotayika zimachuluka. Kachubu ka condenser kakapanda kupukutidwa pakati pa masampulo, dontho loyamba limakhala la mafuta a dzulo. Pamapeto wophunzira aphatikize zimene zagwera m'silinda, zotsalira m'botolo ndi zotayika. Zotayika zikachuluka modabwitsa, ayang'ane zolumikizira asanalembe chilichonse. Apanso manambala amakonzedwa kuti afanane ndi pulesha ya 101.3 kPa.

Tikulangiza kuti ngakhale labotale ili ndi makina odzichitira okha, wophunzira achiteko njirayi pamanja kangapo. Amene anaonapo ndi maso ake mafuta akuwira mopitirira amazindikira msanga makina akayamba kuchita zachilendo.

Density imaoneka yosavuta. Pali chophunzitsa pamenepo?

Chilipo, ndipo ndalama zambiri zimadutsa pa nambala imeneyi, popeza ndi imene imasandutsa malita kukhala matani. Density imalembedwa pa madigiri 15. Mafuta akatentha amafutukuka: dizilo amatsika pafupifupi 0.7 kg/m³ pa digiri iliyonse, petulo kuposerapo pang'ono. Dizilo amene akuwerenga 825 pa madigiri 30 amakhala pafupifupi 835 pa madigiri 15. Kusinthaku sikuchitidwa mongoganizira, kumachitidwa ndi matebulo a ASTM D1250.

Ndi hydrometer, chida cha galasi choyandama m'mafuta, pa njira ya D1298, diso likhale pamzere umodzi ndi pamwamba pa mafuta, hydrometer isakhudze m'mbali mwa silinda, ndipo kutentha kuwerengedwe musanayeze ndi mutayeza. Ndi makina a D4052, amene amagwiritsa ntchito kachubu kopindika konjenjemera, mdani wamkulu ndi kathovu ka mpweya m'kachubumo. Kathovu kamodzi kamasintha nambala. Wophunzira aziyang'ana kachubuko nthawi iliyonse, azikatsuka ndi kukaumitsa, ndipo aziyesa makinawo ndi mpweya ndi madzi oyera. Madzi pa madigiri 15 ayenera kuwerenga 999.1 kg/m³. Malire a EN 590 pa dizilo wamba ndi 820 mpaka 845, a EN 228 pa petulo ndi 720 mpaka 775.

Viscosity?

Mu ASTM D445 mumawerenga masekondi amene mafuta amatenga kutsika pakati pa mizere iwiri ya kachubu ka galasi, n'kuchulukitsa ndi nambala ya kachubuko. Dizilo amayezedwa pa madigiri 40, ndipo EN 590 imafuna 2.0 mpaka 4.5 mm²/s. Bafa lotenthetsera lisasinthe kuposa madigiri 0.02. Kachubu kaime chilili, kakhale m'bafa nthawi yokwanira, kawirikawiri mphindi 30, ndipo musankhe kamene mafuta atenge masekondi osachepera 200. Kaulusi kamodzi ka nsalu m'kachubu kamachedwetsa mafuta n'kukweza nambala, n'chifukwa chake mumayeza kawiri n'kuyerekeza.

Tili ndi makina a X-ray oyezera sulufule. Kodi ndi okwanira?

Zimadalira malire amene mukuyezera. ASTM D4294 ndi yachangu ndi yosavuta kuphunzitsa, koma imayambira pa 17 mg/kg kupita m'mwamba. Ngati mafuta anu ayenera kukhala ndi sulufule wosaposa 10 mg/kg monga mu EN 590 ndi EN 228, njira imeneyi siingakuthandizeni. Pamenepo pamafunika njira ngati D5453, imene imawotcha sampulo pa madigiri oposa 1,000 n'kuyeza sulphur dioxide ndi kuwala kwa ultraviolet. Pa manambala ang'onoang'ono otere ukhondo ndiye nkhani yonse. Sirinji imene yagwira mafuta a sulufule wambiri imaipitsa masampulo angapo otsatira, ndipo pa X-ray kugwira ndi chala kapepala ka pulasitiki ka pansi pa kapu, kapena kukasiya kokwinyika, kumasintha zotsatira. Wophunzira adziwenso kuti mafuta oyesera makina ayenera kufanana mtundu ndi amene akuyezedwa.

Madzi m'mafuta amayezedwa bwanji?

Choyamba ndi maso. Mu D4176 mumazunguza mafuta m'botolo loonekera n'kuyang'ana ngati ali oyera ndi owala, opanda chifunga, madontho a madzi kapena zinyalala pansi. Musaipeputse njira imeneyi. Imagwira mavuto ambiri makina asanayatsidwe n'komwe. Madzi osungunuka m'mafuta amayezedwa ndi makina a njira yotchedwa Karl Fischer, m'mene sampulo imabayidwa ndi sirinji, monga mu D6304, ndipo EN 590 imalola 200 mg/kg. Muyeze kulemera kwa sirinji musanabaye ndi mutabaya, mudikire makina akhazikike, ndipo mukhutchumule sampulo bwino chifukwa madzi amathamangira pansi pa botolo. Chinyezi cha mumpweya chikalowa pa rabala yobayapo imene yatha, nambala imangokwera.

Kodi labotale iliyonse iyenera kuphunzitsa anthu injini za octane ndi cetane?

Ayi. Injini zimenezi, zotchedwa CFR, ndi zodula ndipo zimafuna munthu wozisamalira tsiku ndi tsiku, kotero zimapezeka makamaka kumafakitale oyenga mafuta ndi m'malabotale akuluakulu. Komabe woyeza aliyense adziwe tanthauzo la manambalawo. Manambala a octane alipo awiri, RON ndi MON: RON imayezedwa ndi D2699 injini ikuzungulira ka 600 pa mphindi, MON ndi D2700 pa 900, ndipo zonse zimayerekezedwa ndi chisakanizo cha isooctane, amene ndi 100, ndi n-heptane, amene ndi 0. Cetane number imayezedwa ndi D613.

Chofunika kutsindika ndi chakuti cetane index si cetane number. Index imawerengedwa ndi masamu kuchokera ku density ndi distillation, monga mu D4737, ndipo siona mankhwala okwezera cetane amene athiridwa mu dizilo. N'chifukwa chake EN 590 ili ndi malire awiri, 51 pa number ndi 46 pa index. Kulemba imodzi pamalo pa inzake pa satifiketi ndi kulakwa kwakukulu. Makina a infrared amene amapereka octane m'mphindi zochepa ndi othandiza pofufuza mwachangu, koma amangoyerekeza ndi mafuta amene anawaonapo kale, ndipo sakhala oweruza pa mkangano.

Mafuta a ndege amafuna maphunziro apadera?

Inde, ndipo munthu asayambire pamenepo. Jet A-1, mtundu wa mafuta a ndege, iyenera kukhala ndi flash point yosachepera madigiri 38, freezing point (kuzizira kumene phula la m'mafuta limaundana) ya madigiri 47 pansi pa ziro kapena kutsikirapo, ndi density ya pakati pa 775 ndi 840. Pa freezing point ya D2386 ophunzira amathamangira kulemba kutentha kumene timiyala ta phula tayamba kuoneka. Nambala yoyenera ndi ya pamene kamwala komaliza kasungunuka mafuta akufundanso pang'onopang'ono. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mphamvu ya mafuta yodutsitsa magetsi, imene imayenera kukhala pakati pa 50 ndi 600 pS/m, imasintha ndi kutentha ndiponso imatsika sampulo ikakhalitsa, choncho ndi bwino kuiyeza pamalo pomwepo n'kulemba kutentha kwake. Mayeso a D3948, oona ngati mafuta akulekana bwino ndi madzi, amaonongeka ndi kasopo kochepa kotsalira m'botolo. A D3241, amene amatenthetsa mafuta pa madigiri 260, amasokonezeka sampulo ikakhudzana ndi kopa, kotero zotengera za kopa kapena brass siziloledwa, ndipo zitini zikhale zopakidwa epoxy m'kati. Polandira mafuta a ndege, density imayerekezedwa ndi ya pa satifiketi. Ikasiyana kuposa 3 kg/m³, mafutawo saloledwa kupitirira mpaka chifukwa chake chipezeke. Zambiri za kasamalidwe kameneka zili mu EI/JIG 1530.

Tingadziwe bwanji kuti munthu wadziwadi ntchito?

Satifiketi ya kosi imangosonyeza kuti munthu anakhalapo m'kalasi. Umboni weniweni uli m'manambala ake. Njira iliyonse imapereka malire awiri. Repeatability ndi kusiyana kololedwa pakati pa zotsatira ziwiri za munthu mmodzi, pa makina amodzi, pa sampulo imodzi, motsatizana. Reproducibility ndi kusiyana kololedwa pakati pa malabotale awiri. Onsewa anakonzedwa moti ntchito ikamachitika bwino, malirewo amadutsidwa kamodzi kokha pa maulendo 20. Pa D93 Procedure A, dizilo wa flash point ya madigiri 60 amakhala ndi repeatability yosafika madigiri 2, ndi reproducibility ya madigiri 4 ndi pang'ono.

Mupatseni wophunzira sampulo imodzi m'mabotolo awiri a manambala osiyana, pa masiku osiyana, osamuuza. Mupatseninso mafuta oyesera amene nambala yake ndi yotsimikizika. Muyerekeze zotsatira zake ndi za wodziwa. Ndipo muimirire pambali n'kuona manja ake, chifukwa munthu angathe kupeza nambala yolondola mwamwayi akuchita zolakwika ziwiri zimene zikufafanizana. Mumufunsenso kuti, nambala iyi ikanatuluka yotsika, mukanayamba kuyang'ana chiyani? Yankho la funso limeneli limasonyeza zambiri kuposa mayeso olemba.

Akaloledwa, kuyang'anira kumapitirira. Sampulo yoyang'anira khalidwe la ntchito iziyezedwa pafupipafupi n'kulembedwa pa tchati, monga ASTM D6299 ikufotokozera. Madontho akamatsetserekera mbali imodzi, kanthu kena kakusintha, ngakhale asanatuluke m'malire. Labotale izilowanso m'mapulogalamu oyerekeza zotsatira ndi malabotale ena. Kumeneko amapereka z-score, nambala yosonyeza mmene zotsatira zanu zatalikirana ndi za malabotale ena: ya 2 kapena kucheperapo ndi yabwino, ya pakati pa 2 ndi 3 ndi chenjezo, ya 3 kupita m'mwamba imafuna kufufuza. Sampulo zimenezi zisamapatsidwe kwa katswiri mmodzi yemweyo chaka chilichonse. Zizizungulira kwa onse.

Zotsatira zikatuluka kunja kwa malire, woyeza achite chiyani?

Asafafanize, ndipo asabwereze mobisa mpaka nambala yabwino itatuluka. Mukabwereza mayeso kambirimbiri pa mafuta amene ali m'mphepete mwa malire, tsiku lina nambala yodutsa idzatuluka ndithu, koma mafutawo adzakhala omwe aja. Alembe zimene wapeza, auze woyang'anira, ndiyeno afufuze mwadongosolo: lebulo, mmene sampulo inasungidwira, makina, masamu. Ngati sampulo yoyang'anira ikuwerenga bwino, abwereze kamodzi monga ndondomeko ya labotale ikunenera, ndipo pakafunika patengedwe sampulo yatsopano. Zotsatira zonse zikhale m'buku, zokanidwa zomwe, pamodzi ndi chifukwa chozikanira. Wogula ndi wogulitsa akasiyana manambala, ISO 4259 ndi ASTM D3244 zimafotokoza mmene angagwirizanire.

Mbali imeneyi iphunzitsidwe poyera, chifukwa woyeza wachinyamata adzakumana nazo: magalimoto ali pamzere, foni ikulira, wamkulu akufunsa kuti bwanji mukuchedwetsa katundu. Ayenera kudziwiratu kuti oyang'anira labotale adzaima naye akakana kusaina. Ngati sakutsimikiza zimenezo, maphunziro ena onse aja sagwira ntchito.

Kodi wophunzira angazindikire mafuta osakanizidwa poyang'ana zotsatira?

Angathe, akaphunzitsidwa kuwerenga satifiketi yonse pamodzi osati mzere umodzimodzi. Petulo akalowa mu dizilo, ngakhale pang'ono, flash point imagwa kwambiri ndipo dontho loyamba la distillation limabwera msanga, pomwe density imangosuntha pang'ono. Palafini mu dizilo amatsitsa density, viscosity ndi manambala a pakati a distillation, ndipo amachepetsa kuterera kumene kumateteza pampu ya injini. Kuterera kumeneku kumayezedwa ndi D6079. Palafini kapena dizilo mu petulo amakweza kutentha komaliza kupitirira madigiri 210 amene EN 228 imalola, amachulukitsa zotsalira m'botolo, ndipo octane imatsika. Njira yabwino yophunzitsira ndi kusakaniza dala masampulo ang'onoang'ono mu labotale, wophunzira n'kunena chimene chathiridwamo.

Maphunziro atenge nthawi yaitali bwanji, ndipo tisunge zolemba ziti?

Palibe chiwerengero cha masiku chimene chingayenere aliyense. Density munthu angaidziwe m'masiku ochepa, distillation ya pamanja imafuna masabata, injini ya CFR imafuna miyezi. Chotsekera maphunziro chikhale zotsatira, osati kalendala.

ISO/IEC 17025, muyezo umene malabotale ovomerezeka amatsata, imafuna pa gawo 6.2 kuti pakhale zolemba za luso lofunika pa ntchito iliyonse, maphunziro amene munthu walandira, kuyang'aniridwa kwake, chilolezo chake, ndi mmene luso lake likuunikidwira. Mu fayilo ya munthu aliyense muikemo nambala ya njira ndi chaka cha kope limene anaphunzira, masiku, dzina la mphunzitsi, manambala enieni amene anapeza pa masampulo obisika, ndi siginecha ya womuloleza. Aunikidwenso njira ikasinthidwa, makina atsopano akabwera, tchati kapena z-score ikasonyeza vuto, komanso akakhala nthawi yaitali osachita njirayo. Pa njira iliyonse imene labotale imadalira pakhale anthu osachepera awiri ololedwa, kuti wina akadwala kapena akapita kutchuthi pasapezeke munthu wosaloledwa akusaina satifiketi.